Chikwama Chimene Tinakuikirani M'bokosi

IGNATIUS PIUS KAMTEDZA (ANGOZO)
Munabadwa pa 3 Malichi 1961, munatisiya pa 14 Juni 2019

Ababa, lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chichokereni inu pakati pathu. Mpunga wa ku Bwanje wacha n'kumwetedwa kasanu ndi kamodzi inu kulibe. Njinga yanu ikadali pamene munaitsamiritsa m'chipinda chosungira makasu. Matayala anaphwa kalekale, koma amayi salola munthu kuikhudza. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija anakujambulani kusukulu tsiku lopereka mphotho kwa ana. Amene sakukudziwani aganiza kuti mwakwiya. Ife nkhope imeneyo tikuidziwa bwino: wina anali atangonena chinthu, ndipo inu munali kudikira kuti amalize kuti mumufunse kuti wadziwa bwanji.

Zaka zisanu zapitazi chikumbutso chanu wakhala akulemba ndi mlongo wanga Nicholas. Mizere inayi basi: munali tate wachikondi, mphunzitsi wodzipereka, tikukusowani, usani mumtendere. Zonsezo n'zoona. Koma chaka chilichonse ndikawerenga ndimakuonani mukupapasa thumba la malaya kufuna cholembera chanu chofiira, chifukwa chimangirizo chotere simukanachilola kudutsa. Chikunena kuti munali wabwino, osaonetsa kuti ubwinowo unali pati. Choncho chaka chino ndapempha kuti ndilembe ine Lusungu, mwana wanu woyamba. Nditalikitsa, mundipirire. Ndili ndi mlandu kwa inu.

Mlandu wake ndi uwu. Buku limene munalemba kwa zaka makumi awiri, lothandiza aphunzitsi kuphunzitsa ana kulemba moganiza m'phunziro lililonse, silinafike m'manja mwa mphunzitsi ngakhale mmodzi. Lili nanu kumanda, m'chikwama chanu chachikopa chija, makope asanu ndi anayi. Amene anaika chikwamacho m'bokosi ndine. Izi abale onse akuzidziwa, ndipo anandikhululukira kalekale poti amati ndinachita mosadziwa. Zimene sakuzidziwa ndizinena lero.

Pa pepala munali mphunzitsi wa jogalafe ndi histole pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka. Koma ndi phunziro liti limene simunalowerere? Munkati ana athu salephera mayeso a Fomu 4 chifukwa cha umbuli ayi. Zinthu amazidziwa. Vuto n'loti tinawazoloweza kukopera manotsi pabolodi, kuloweza, n'kukawasanza pa pepala la mayeso mmene anawamezera. Funso likati fotokozani chifukwa chake, mwana amangondandalika zonse zimene akukumbukira ngati woyala tomato pamsika, kuti wochonga asankhepo yekha. Zimenezi zinkakupwetekani kwambiri, mwina kuposa mmene zinkawapwetekera eni ake anawo.

Ndiye munayamba kachitidwe kanu kaja. Teremu iliyonse munkasankha funso limodzi lokha, la kwathu konkuno, n'kuliyendetsa m'maphunziro onse. Ine ndili Fomu 3 funso linali lakuti, n'chifukwa chiyani minda ina ya kumathero a ngalande imabereka mpunga wochepa kuposa ya kumutu? Mu jogalafe tinalemba za mayendedwe a madzi. M'phunziro la zaulimi tinalemba za nthaka ndi nthawi yowokera. M'masamu munakanyengerera mphunzitsi wake kuti tikawerengetsa matumba a munda uliwonse, tilembenso ndime imodzi yonena zimene manambalawo akuonetsa ndi zimene sakuonetsa. Bambo aja anakadandaula mpaka kwa ahedi kuti masamu si nthano. Mu histole munatituma kukafunsa alimi mmene dambo la Bwanje linkalimidwira sikimu ya mthirira isanabwere, ndipo awiri akanena zosiyana sitinkaloledwa kusankha amene watisangalatsa nkhope; tinkayenera kulemba chifukwa chimene takhulupirira mmodzi kuposa mnzake. Potsiriza, m'Chichewa, aliyense analemba kalata yonena zoyenera kuchita. Funso lomwelo, ana omwewo, koma phunziro lililonse ndi mtundu wake wa umboni. Munkati mwana akazindikira kuti mu bayoloje umboni ndi zimene waona ndi kuyeza, pamene mu histole ndi mboni zimene wazifunsa n'kuziyerekeza, ndiye kuti fizi ya makolo ake yayamba kugwira ntchito.

Ndipo zonse tinkayamba kulemba m'Chichewa, ngakhale mayeso ake anali a Chingerezi. "Ganiza kaye m'chilankhulo chimene umakanganira ndi mnzako pa mjigo," munkatero. "Chingerezi ndi malaya, uvala pambuyo. Yamba wasamba."

Simunkachonga ngati anzanu. M'mphepete mwa ndime iliyonse munkajambula kankhokwe. Mfundo ya mwana ndiyo inali nkhokweyo, ndipo chifukwa chilichonse chokhala ndi umboni chinali mwendo wake. Wina ankalandira kope lili ndi nkhokwe ya miyendo inayi, wina ya mwendo umodzi itapendekeka, wina nkhokwe yokhala pansi penipeni ndi mawu oti "chiswe chadya kale". Mwana akaiwala kuyankhiratu zimene wotsutsa angamufunse, munkajambula kakhoswe pambali, mchira wautali, n'kulemba kuti, "Uyu walowera pati?" Ana anakupatsani dzina loti Ankhokwe. Munkanamizira kusalidziwa, koma tsiku lina ndinakumvani mukuwauza amayi, chimwemwe chili tsaya.

Ndimakumbukira za Lonjezo, mtsikana wa kufupi ndi kunyanja amene anali m'kalasi mwathu. Teremu imene funso linali la malungo, iye analemba kuti malungo amabwera chifukwa chodya chimanga chachiwisi, poti chaka chilichonse anthu akayamba kuotcha mondokwa ndi pamene odwala amachuluka. Kalasi yonse inaseka. Inu simunaseke. Munamupatsa nkhokwe ya miyendo iwiri chifukwa anaona yekha, ndi maso ake, kuti zinthu ziwirizi zimabwerera limodzi, ndipo munati ambiri amene akusekawo sanaonepo kanthu chibadwire. Kenaka munamutuma kuti alembe zina zonse zimene zimabwera nyengo yomweyo. Analemba mvula, matope, zithaphwi, udzudzu. Atafika pa udzudzu anaima yekha. Simunamuuze yankho, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti kuleza mtima kumeneko munkakutenga kuti, poti kunyumba kunkachepa.

Si aphunzitsi onse anakondwera nazo. Ena ankati mukuchedwetsa silabasi, ena ankati mukudziyesa ahedi. Amene anakumvetsani msanga ndi mayi Rukia Twaibu, a bayoloje, amene anayamba kujambula nkhokwe zawozawo m'malipoti a ana, ngakhale munkawaseka kuti zawozo zimaoneka ngati ndowa. Anthu awiri inu, wina wa kolona wina wa kumzikiti, munkatha nthawi yonse yopuma mukukangana za ndime imodzi ya mwana wa Fomu 2, tiyi n'kuzizira.

Kunyumba nakonso sitinkapuma. Amayi akati lero kugwa mvula, inu pomwepo, "Mwadziwa bwanji, Nambewe?" Iwo akati bondo lawo lawauza, inu munkati umboni umodzi wokha sukwana. Ndipo amayi ankakuyankhani kuti chabwino, ikabwera mukaanule nokha zovala ndi maumboni anuwo. Mwayi, mzime wanu, ali wamng'ono ankayesa kuti "wadziwa bwanji" ndi moni, moti tsiku lina anawalonjera nawo abambo mfumu pakhomo la tchalitchi ku Mua. Munaseka mpaka misozi, amayi akufuna pobisala.

Tinkaseka, inde. Koma kunena zoona, Ababa, zinkatopetsanso. Mukaweruka kusukulu munkakhala pakhonde ndi makope anu aja mpaka dzuwa kulowa. Lamulungu tikachoka ku Misa, inu kukhonde komweko. Mwana akabwera ndi nkhani yake munkakweza dzanja lamanzere osadzutsa mutu, kutanthauza kuti dikira ndimalize chiganizo. Ziganizo zanu zinali zitalizitali. Ana a eni munkawamvetsera mpaka mapeto, ife anu tinakula tikudikira, ndipo amayi anadikira kuposa tonse.

Nditakwatiwa ku Lilongwe zinthu sizinayende. Sinditchula dzina la munthu muno, poti nayenso ali ndi abale owerenga nyuzipepala. M'chaka cha 2013 ndinakulemberani kalata, chifukwa pafoni sindikanatha. Ndinadzaza masamba awiri koma mfundo inali imodzi: ndatopa, ndikufuna kuchoka. Za zibakera sindinalembe. Za mano awiri aja, amene ndinawanamiza amayi kuti ndinaterereka m'bafa, sindinalembe. Ndinachita manyazi. Patapita masabata awiri kalata yanga yomweyo inabwerera mu envulopu ina. M'mphepete munali nkhokwe ya mwendo umodzi, ndipo pansi pake, ndi cholembera chofiira, munalemba kuti: "Mwanawe, kutopa kokha sikungaimike nkhokwe iyi. Miyendo ina ili kuti? Ukubisa chiyani?"

Ndinalira tsiku lonse. Ndinati, ine ndikumira kuno, bambo anga akundichonga chimangirizo. Sindinayankhe. Ndinakhalanso m'nyumba imene ija zaka zina ziwiri, mbali ina chifukwa cha mantha, mbali ina pofuna kukulangani, mpaka tsiku limene aneba anaimbira foni atsibweni a Petulo, alongo awo a amayi, iwo n'kubwera kudzandichotsa. Ndinatsala mumzinda momwemo pa ntchito yanga ya ukalaliki. Nkhani ya kalatayo sitinaikambepo, inu ndi ine. Ndikabwera kumudzi munkandiyang'ana ngati mukufuna kuiyamba, ine n'kunyamuka kukaona madzi pamoto.

Pa Pasaka wa 2019 ndinabwera kudzacheza. Lolemba m'mawa, ndikulongedza, munandiitana pakhonde n'kutsegula chikwama. Makope asanu ndi anayi, lililonse ndi dzina la phunziro lake pachikuto. "Ndamaliza, Lusu," munatero. "Iwe uli ndi kompyuta kuntchito. Ukanditaipire, ndiwapatse anzanga ndisanapume pa ntchito." Ndinayang'ana makopewo, ndinaona cholembera chofiira chija chikusuzumira m'thumba lanu, mtima wanga unauma gwa. Ndinati chikwama changa chadzaza, ndidzatenga ulendo wina. Malo analipo, Ababa. Munali madiresi awiri ndi kathumba ka mpunga basi. Inu amene simunkalola mawu kudutsa opanda umboni, tsiku limenelo simunandifunse kanthu. Munangoti, "Chabwino, sathawa," n'kutseka chikwama pang'onopang'ono. Kenaka munandikweza pa njinga mpaka pa siteji ya minibasi pa Golomoti.

Ulendo winawo unali wa maliro anu. Munagwa m'kalasi Lachitatu, choko chili m'manja, ndipo Lachisanu m'mawa munatsirizika kuchipatala ku Mua osalankhulanso.

Tsiku loika, adzukulu asanakhome bokosi, azakhali a Yunisi, alongo anu, anafunsa monga mwa mwambo wathu kuti tikuikireni chiyani choti mupite nacho. Amayi anapereka kolona yanu ndi malaya oyera aja. Nicholas anapereka chipewa. Ine ndinalowa kuchipinda, ndinachotsa chikwama pa msomali, n'kukachiika kumapazi kwanu. Azakhali anagwedeza mutu movomera. "Wachita bwino mwanayu," anatero, "achimwene sankasiyana nacho chimenechi." Palibe anatsegula. Kwathu kuno chinthu chikalowa m'bokosi sachifufuza. Ndani angapisepise katundu wa malemu anamalira akuona?

Patapita masabata awiri, titameta kale, mayi Rukia anafika ndi ahedi. Anapepesa, anakhala pa mphasa, kenaka anafunsa za makope. Anati munawalonjeza kuti teremu yotsatira aphunzitsi a masukulu asanu oyandikana adzakumana kuti muwaonetse bukulo, ndipo onse anali atauzidwa kale. Tinagwedeza nyumba yonse, mpaka kukwera kudenga. Azakhali atakumbukira za chikwama, mayi Rukia anagwira pakamwa. "Subuhanalla," anatero, "zaka makumi awiri!" Nicholas anati tikapemphe chilolezo tikafukule. Atsibweni anakana. "Mphwanga, madzi akatayika saoleka. Munthu tamugoneka, tisakamudzutse chifukwa cha mapepala." Onse anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinkalira kwambiri, n'kumanditonthoza kuti sunadziwe, mwanawe, sunadziwe. Ine ndinangovomera ndi mutu.

Ndinkadziwa, Ababa. Ndinali nditawaona ndi maso anga miyezi iwiri yokha m'mbuyomo, ndipo pochotsa chikwama pa msomali ndinamva kulemera kwake. Sindinene kuti ndinachita kukonzeratu. Zinachitika m'kanthawi koyenda kuchokera kuchipinda kufika pabalaza. Koma mumtima ndinati, munawakonda kuposa ife, pitani nawo. Mawu amenewo ndinawanena ndithu ngakhale mlomo sunatseguke, ndipo ndakhala ndikuwamva zaka zisanu ndi chimodzi.

Kuyambira chaka chachiwiri chichokereni inu, mayi Rukia ndi ine takhala tikusakasaka makope a ana amene munawaphunzitsa, kuti mwina tingatolemo buku lanu. Abale amati ndi chikondi cha mwana pa bambo ake. Ndi chikumbumtima. Tapeza makope makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Lina anatipatsa ndi Lonjezo uja wa mondokwa, amene pano ndi namwino ku Salima. Lina tinalipeza kwa Wongani, kondakitala wa minibasi pa Golomoti, amene analisunga m'pulasitiki pamodzi ndi khadi lake la ubatizo. Iye anatiuza kuti tsiku lina, inu mutatuluka pang'ono, anajambula khoswe pabolodi pambali pa chiganizo chanu chomwe, poti munanena chinthu osachitsimikiza. Anayembekezera chikwapu. Inu mutabwerera munayang'ana pabolodi, munati, "Walowadi," n'kuuza kalasi kuti imuombere m'manja. Potifotokozera izi bambo wa ndevu zake analira pa siteji, anzake oitanira akumuseka. Ambiri ena anatiuza kuti makope awo anakulungira usipa kapena anayatsira mbaula. Amene tapezawo ndawataipa onse, tsamba ndi tsamba, pa kompyuta yomwe ija ndinakumanani.

Koma zimene tili nazo ndi mapazi a pamchenga chabe. Tikuona pamene munajambula khoswe, koma sitikudziwa mmene munkamuphunzitsira mwana kuti amuone yekha khosweyo asanapereke kope. Za masamu tili ndi masamba anayi okha. Za fizikisi palibe ngakhale limodzi. Mayi Rukia akupuma pa ntchito chaka chamawa ndipo maso ayamba kuwavuta. Zimene akukumbukira amandiuza pafoni ine n'kumalemba, koma nthawi zambiri amathera pakuti, "Apa a Kamtedza anali ndi kanjira kake, koma kandithawa." Aphunzitsi achinyamata akujambulabe nkhokwe, poti zinasanduka mwambo wa pasukulu. Mwezi watha ndinaona kope la mwana wa Fomu 2 amene anakopera manotsi mzere ndi mzere, ndipo anamupatsa nkhokwe ya miyendo inayi chifukwa cholemba mwaukhondo. Mphunzitsiyo sindikumuimba mlandu. Akanaphunzira kuti, buku lake lili pansi pa nthaka? Ndinabweza kopelo n'kutuluka panja.

Kalata yanga ija ndikadali nayo. Ndinaitulutsa chaka chatha. Nditataipa nkhokwe zanu mazanamazana ndinali nditadziwa kalembedwe kanu, ndipo ndinaona chimene sindinachione poyamba. Kwa ana a sukulu simunalembepo mawu oti "mwanawe", ndipo simunamufunsepo aliyense kuti akubisa chiyani. Pa anthu onse amene ndinawadandaulira nthawi imeneyo, inu nokha ndi amene munawerenga n'kuona kuti pali zimene sindikunena. Munandifunsa m'njira yokhayo imene munkaidziwa. Ndikanangoyankha, ndikudziwa kuti mukanakwera minibasi yoyamba. Amati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma anuwa agonera mopitirira.

Komabe, Ababa, nanunso mukanatha kungobwera. Mukanaika cholembera pansi n'kubwera kudzandiona nkhope. Ichi ndichinena, poti ndinu munatiphunzitsa kusasiya mbali inayo osaiyankha. Mlandu uli uku ndi uku. Kungoti wanga ndi waukulu, chifukwa inu munandilakwira ine ndekha, pamene ine ndinalakwira ana a eni ambirimbiri, ena sanabadwe n'komwe.

Tikukusowani tonse. Nicholas sakamba zambiri, koma ndi amene amalambula manda anu chaka ndi chaka mvula ikatha. Azakhali a Yunisi mpaka lero amadziimba mlandu kuti anayamikira chikwama chija, ndipo akawerenga izi ndiyenera kukawagwadira. Adzukulu anu Chancy ndi Pius amakudziwani pa chithunzi chokha. Mwayi ali chaka chomaliza ku koleji ya zauphunzitsi, akuti akufuna kudzaphunzitsa kwathu konkuno. Pa Khirisimasi anandifunsa kuti, "Achemwali, kodi Ababa ankayamba bwanji tsiku loyamba, ana asanadziwe kalikonse za nkhokwe?" Yankho lake linali m'kope loyamba, limene ndinaona chikuto chake chokha. Ndinamuuza kuti sindikudziwa.

Misa yokupemphererani ichitika lero ku Mua. Ndapempha ana anu akale onse amene uthenga ungawafike kuti amene ali ndi kope lokhala ndi nkhokwe yanu abwere nalo, ngakhale tsamba limodzi, ngakhale lodyedwa ndi chiswe. Amene alibe kope abwere ndi zimene akukumbukira, ine ndikhala panja pa tchalitchi ndi cholembera. Sindikudzinamiza kuti tibweza makope asanu ndi anayi. Mwina tikwanitsa limodzi ndi theka.

Sabata yatha ndinapita kumudzi kukawauza amayi ndisanatumize chikumbutsochi, kuti asadzamvere m'nyuzipepala. Ndinawapeza pabwalo akupeta mpunga watsopano. Ndinakhala pansi n'kunena zonse: za Pasaka, za kulemera kwa chikwama, za mawu a mumtima aja. Sanaleke kupeta. Ndinayesa kuti sanamve, poti makutu ayamba kuwavuta, ndipo ndinali pafupi kubwerezanso. Kenaka anaika lichero pansi.

"Ndinakuona ukuchichotsa pa msomali," anatero. "Ndinali pakhomo la chipinda. Makope amenewo ndinawakuta ndine ndi makalendala akale, ndiye ukuyesa sindinkadziwa zili m'menemo? Ndikanangoti Lusungu bweza, ukanabweza. Sindinanene. Zaka makumi awiri ndinkaphikira munthu wondipatsa msana." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kutolanso lichero lija. "Ukalemba kunyuziko usadzitengere wekha. Ulembe kuti tinali awiri."

Ndalemba, Ababa. Tinali awiri, mkazi wanu ndi mwana wanu, ndipo tonse tinkakukondani. Tikhululukireni.

Usani mumtendere, Angozo. Kuiwala sitidzakuiwalani, ngakhale titafuna, sitingathe.